Manute Bol, Mbusa wa Ng'ombe Amene Anasewera Basiketi

Ana inu, imani pa khomo la kalasi. Kwezani dzanja m'mwamba. Kodi mwagwira pamwamba pa citseko? Simungathe. Ngakhale bambo anu amayamba atambasula mkono kuti agwirepo. Koma kunali munthu wina amene ankawerama polowa pa khomo lotere. Akapanda kuwerama, ankagunda mutu.

Dzina lake linali Manute Bol. Msinkhu wake unali mamita 2 ndi masentimita 31.

Mwana wa ku Turalei

Kutali kumpoto, mu Africa momwe muno, kuli mudzi wochedwa Turalei. Masiku amenewo mudziwu unali kumwera kwa dziko la Sudan. Lero uli m'dziko la South Sudan. Kumeneko ndiko kunali kwawo kwa Manute. M'makalata ake munalembedwa kuti anabadwa pa 16 Okutobala 1962. Bambo ake anali a Madut Bol. Iwo anamupatsa dzina lakuti Manute, kutanthauza dalitso lapadera.

Manute anali wa mtundu wa Adinka. Adinka ambiri ndi anthu aatali. Bambo ake anali aatali. Mayi ake analinso aatali. Koma mwanayu anakula nawapitirira onse awiri.

Adinka amakonda ng'ombe kwambiri. Amamwa mkaka wake. Amazipatsa maina potengera mawanga ake. Anyamata amaziimbira nyimbo. Munthu akafuna kukwatira, amapereka ng'ombe. Cilimwe cikafika, udzu ukauma, abusa amapita nazo kumadambo a pafupi ndi mitsinje. Amagona konko. Usiku amayatsa ndowe zouma kuti utsi upirikitse udzudzu.

Imeneyi ndiyo inali nchito ya Manute ali mwana. M'mawa ankatulutsa ng'ombe. Masana ankaima pakati pa udzu, maso ali uku ndi uku. Madzulo ankazibweza, ndipo pasasowe ndi imodzi yomwe. Mbusa sagona tulo tambiri. Fisi ali pafupi, mkango ulinso pafupi.

Atakula, Manute ankasimba nkhani ya mkango wina umene unkagwira ng'ombe za kwawo. Ankati anaupeza uli mtulo, naubaya ndi mkondo. Anthu a ku America anaikonda nkhaniyi, ndipo ankamufunsa za mkangowo kawirikawiri.

Koma panali cinthu cimodzi cimene mbusayu analibe. Manute anakula osadziwa kuwerenga ndi kulemba. Ankadziwa ng'ombe iliyonse ya m'khola ndi dzina lake, koma dzina lake la iye mwini sankatha kulilemba.

Dengu lopanda pansi

Poyamba Manute anayesa mpira wa miyendo. Sizinamuyendere, cifukwa anali wamtali kwambiri. Atakhala mnyamata wamkulu, anapita ku tauni ya Wau. Kumeneko anaona masewero ena, a basiketi.

Basiketi amasewera motere. Pamakhala matimu awiri. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu. Mpira amaugwira ndi manja, samaumenya ndi phazi. Munthu sathamanga ataufumbata, koma amaugunditsa pansi uku akuyenda. Kumapeto konse kuwiri kwa bwalo kumakhala dengu. Dengulo ndi mkombero wa citsulo wokhala ndi ukonde, ndipo lilibe pansi. Amalipacika m'mwamba, mamita 3 ndi masentimita 5. Mpira ukalowa m'dengu, timu imalandira mapontu awiri. Munthu akauponya ali patali, kuseri kwa mzere, timu imalandira mapontu atatu.

Anthu ena amadumpha ndi mphamvu zonse kuti afike pa mkomberowo. Manute ankaugwira ataima pansi.

Musaganize kuti zonse zinali zapafupi. Tsiku lina, akuyamba kumene, anadumpha kuti alowetse mpira m'dengu ndi dzanja. Potsika, mano ake akutsogolo anakodwa mu ukonde, ndipo ena anathyoka. Koma iye anabwereranso pa bwalo.

Kucokera ku Wau anapita ku Khartoum, likulu la dziko. Kumeneko kunali kovuta. Anthu ena a kumpoto ankanyoza anthu a kumwera. Manute anapirira, napitiriza kusewera.

M'caka ca 1982 kunabwera mphunzitsi wa basiketi wocokera ku America, dzina lake Don Feeley. Anabwera kudzaphunzitsa timu ya dziko la Sudan. Ataona Manute, anadabwa. Anamuuza kuti apite ku America. Caka cotsatira, 1983, Manute anakwera ndege.

Pa ulendowu panacitika zoseketsa. M'pasipoti yake munalembedwa kuti msinkhu wake sufika mita 1 ndi masentimita 60. Anthu atamufunsa, iye anayankha kuti amene anamuyeza anamuyeza atakhala pansi.

Wamkulu ayamba a, e, i, o, u

Manute anafikira mu mzinda wa Cleveland. Kumeneko kumazizira mpaka madzi amaundana ngati mwala. Zakudya zinali zacilendo. Bedi linali lalifupi. Zovala za msinkhu wake sizinkapezeka m'sitolo. Koma vuto lalikulu linali ciyankhulo. Manute ankayankhula Cidinka ndi Ciarabu. Cingerezi sankacidziwa.

Conco munthu wamkulu uja anakhala pa mpando wa sukulu. Anagwira pensulo ndi zala zake zazitali. Anayamba kuphunzira zilembo, monga mukucitira inu caka cino. Kwa iye zinali zolemera kawiri. Ankaphunzira zilembo, ndipo nthawi yomweyo ankaphunzira mawu a ciyankhulo ca eni. Mwana amene amayamba kuwerenga m'ciyankhulo ca mayi ake amadziwa kale tanthauzo la mawu amene akuwerenga. Manute analibe mwayi umenewo. Komabe anaphunzira, ndipo pambuyo pake ankaseketsa anzake ndi nthabwala za m'Cingerezi comweco.

Mu 1984 analowa pa yunivesite ya Bridgeport. Inali sukulu yaing'ono, ndipo anthu obwera kudzaonera basiketi anali ocepa. Manute atafika, nyumba ya masewero ya mipando 1800 inayamba kudzaza. Anasewerapo caka cimodzi cokha.

Mzati wa pansi pa dengu

Ku America kuli gulu la matimu akuluakulu a basiketi lochedwa NBA. Osewera ake amalipidwa, cifukwa kusewerako ndiyo nchito yawo. M'caka ca 1985 timu ya Washington Bullets inasankha Manute.

Mu timu ya basiketi munthu aliyense ali ndi malo ake. Wamtali kuposa onse amasewera pakati, pafupi ndi dengu. Pa Cipwitikizi amamucha poste, ndiko kunena mzati. Amenewa ndiwo anali malo a Manute.

Anthu ambiri atamuona anaseka. Anali woonda ngati bango. Ankalemera makilo pafupifupi 90 okha. Osewera ena a pakati anali ojinca, ndipo ankamukankha mosavuta. Aphunzitsi anamuuza kuti azidya kwambiri ndi kunyamula zitsulo. Anayesa, koma thupi linakana kunenepa. Kumwetsa mpira sankakudziwanso bwino, cifukwa anayamba masewerowa atakula kale. Anzake anayamba ali ana.

Nanga timu inamufuniranji? Inamufunira kulonda dengu.

Mdani akaponya mpira, mlonda amaloledwa kuumenya ndi dzanja usanafike. Kumeneku ndiko kuchinga. Koma pali lamulo: auchinge pamene ukukwera. Ukayamba kutsikira ku dengu, saloledwa kuukhudza. Conco kutalika kokha sikukwanira. Pamafunika diso. Mlonda akadumpha msanga, mdani amamuzemba. Akacedwa, mpira wapita. Ayenera kudikira, kuyang'ana, ndi kutambasula mkono pa nthawi yake. Pa nchito imeneyi Manute analibe mnzake. Akatambasula mikono yonse iwiri, inkafika mamita 2 ndi masentimita 59, kuposa msinkhu wake womwe.

M'caka cake coyamba anachinga mipira 397 pa masewero 80. Palibe wina anachinga yambiri conco caka cimeneco. Pa masewero ena anachinga mipira 15 usiku umodzi, ndipo anacita zimenezi kawiri. Osewera ena anayamba kuopa. Akafika pafupi ndi dengu n'kuona mikono ija, ankabwerera, kapena ankaponyera mpira m'mwamba kwambiri n'kuphonya. Mipira yophonya conco palibe amene anaiwerenga, koma nayonso inali nchito ya Manute.

Mu 1987 timu ya Washington inalandira wosewera wina, Muggsy Bogues. Iyeyu anali wamfupi kuposa onse mu NBA. Msinkhu wake unali mita 1 ndi masentimita 60. Tsono wamtali kuposa onse ndi wamfupi kuposa onse anali mu timu imodzi. Ankasiyana ndi masentimita 71. Anthu ojambula zithunzi ankakonda kuwaimika pamodzi.

Mu 1988 Manute anasamukira ku timu ya Golden State Warriors. Mphunzitsi wa kumeneko, Don Nelson, anamulola kucita cinthu cimene anthu a pakati sankacita masiku amenewo: kuponya ali patali. Manute ankaukokera mpira kumbuyo kwa mutu, n'kuutaya ngati mwala wa pa legeni. Yambiri inkaphonya. Pa mipira 91 imene anaponya caka cimeneco, 20 inalowa. Ukalowa umodzi, anthu onse ankaimirira ndi kukuwa. Caka comweco anachinga mipira 345, naposanso onse.

Mu 1990 anapita ku Philadelphia 76ers, kumene anasewera ndi Charles Barkley. Awiriwa ankakonda kusekana. Mu 1992, posewera ndi Orlando Magic, Manute anachinga mipira inayi motsatizana. Adani akautola n'kuponya, iye ankaubweza. Akautolanso, ankaubwezanso. Mu Malici 1993, ku Phoenix, analowetsa mipira 6 ya patali m'cigawo caciwiri ca masewero. Ngakhale anthu a timu inayo anamuombera m'manja.

Anasewera mu NBA zaka 10, mpaka 1995. Tsopano werengani manambala awa. Mapontu onse amene anamwetsa anali 1599. Mipira imene anachinga inali 2086. Kodi nambala yaikulu ndi iti? Manute anachinga kuposa mmene anamwetsera. Osewera ochuka ambiri amachuka ndi kumwetsa. Iyeyu anachuka ndi kulonda.

Nkhondo kumudzi

Pamene Manute ankasewera m'nyumba zowala za ku America, kwawo kunali misozi. Mu 1983, caka comwe anakwera ndege, nkhondo inabuka ku Sudan. Boma la ku Khartoum linkamenyana ndi asilikali a kumwera, amene mtsogoleri wawo anali John Garang. Nkhondoyi inatha zaka 22. Midzi inatenthedwa. Ng'ombe zinalandidwa. Njala inalowa. Anthu pafupifupi mamiliyoni awiri anafa, ndipo pakati pawo panali abale ambiri a Manute. Ana ambirimbiri anathawa pansi, opanda makolo, mpaka ku Ethiopia ndi ku Kenya.

Manute akanatha kutseka makutu. Anali ndi nyumba, galimoto ndi ndalama. Koma masewero akaima pa nyengo yopuma, ankakwera ndege kupita ku misasa ya othawa nkhondo. Ankayenda pakati pa ana anjala. Anawo ankamuzungulira, mitu ili m'mwamba. Akabwerera ku America, ankapita kwa akuluakulu a boma ku Washington kukawauza zimene anaona. Masiku amenewo anthu ambiri kumeneko sankadziwa n'komwe kumene kuli Sudan.

Ndalama zake zambiri anazitumiza kwawo. Zina zinathandiza othawa nkhondo. Zina anazipereka kwa asilikali a kumwera, poganiza kuti akuteteza anthu ake. Makolo amene akuwerenga ndi ana awo akudziwa kuti nkhondo imadya ndalama ndipo sikhuta. Ndalama zinanso zinapita pa malonda amene sanayende bwino. Posacedwa cuma ca Manute cinatha.

Atasiya basiketi anabwerera ku Khartoum, cifukwa kunamveka mbiri ya mtendere. Boma linamulonjeza udindo woyang'anira masewero. Koma linafuna kuti ayambe wasiya Cikhristu ndi kulowa Cisilamu. Manute anakana. Udindo uja sanaulandire, ndipo boma linamuletsa kutuluka m'dziko. Munthu amene ankaoneka pa wailesi ya kanema anakhala wosauka, mawondo akumupweteka ndi nyamakazi. Mu 2001 anakwanitsa kufika ku Cairo, ku Egypt. Mu 2002 anabwerera ku America. Ulendo uno sanalowe ngati katswiri wa mpira. Analowa ngati wothawa kwawo.

Anthu amuseka

Manute analibenso ndalama zotumiza. Koma anali ndi cinthu cimodzi cimene anthu ankafunabe kuona: msinkhu wake. Conco anaugwiritsa nchito.

Mu 2002 anavala magolovesi nacita nkhonya pa wailesi ya kanema ndi munthu wina wonenepa kwambiri, William Perry. Anavomera nkhonyazo kuti anthu oonera aone nambala ya foni ya bungwe lake lothandiza anthu a ku Sudan. Manute anapambana. Caka comweco anavala zovala za timu ya Indianapolis Ice, imene inkasewera pa madzi oundana. Iye sankatha n'komwe kutsetsereka pa madziwo. Anangokhala pa mpando, anthu n'kumamuyang'ana.

Ambiri anaseka. Ena anamva cisoni, nati munthu wamkulu akudzicotsa ulemu. N'zoona kuti sizinali zokoma kuona. Koma Manute ankadziwa kuti akumuseka, ndipo ankadziwanso kumene ndalamazo zinkapita.

Mu 2004 anacita ngozi. Galimoto la taxi limene anakwera linagubuduzika, ndipo iye anathyoka khosi. Anagona m'cipatala nthawi yaitali. Anzake akale a basiketi, monga Chris Mullin, anasonkha ndalama zomuthandiza. Anacira, koma kuyambira pamenepo ankayenda movutika, atagwira ndodo.

Sukulu ya ku Turalei

Mu 2005 nkhondo inatha. Anthu anayamba kubwerera m'midzi yawo. Manute anapita ku Turalei. Anapeza ana akuphunzira pansi pa mitengo. Mvula ikagwa, sukulu inkathera pomwepo.

Apa mbusa uja anapeza nchito yake yomaliza. Pamodzi ndi bungwe lochedwa Sudan Sunrise, anaganiza zomanga sukulu 41. Anafuna kuti sukuluzo zilandire mwana aliyense: wa Mkhristu ndi wa Msilamu, wa Mdinka ndi wa mtundu wina. Zimenezi sizinali zazing'ono. Kumbukirani kuti abale ake anaphedwa pa nkhondo ija, ndipo iye mwini anavutitsidwa cifukwa ca cipembedzo cake. Sukulu yoyamba anaiyamba kwawo ku Turalei.

Ankayenda m'machalichi ndi m'masukulu a ku America kupempha thandizo. Akapeza kanthu, ankabwerera kumudzi. Ulendowo unali wautali. Mipando ya m'ndege ndi ya m'galimoto inali yaing'ono kwa iye, misewu inali ya mabampu, ndipo thupi lonse linkamuwawa.

Kumayambiriro kwa 2010 anali ku Sudan. Impso zake zinayamba kuvuta. Anacedwa kubwerera ku cipatala, cifukwa m'dziko munali cisankho ndipo iye anafuna kuthandiza. Kenaka anadwalanso nthenda yoopsa ya pakhungu. Anamutengera ku America, ku cipatala ca mu mzinda wa Charlottesville. Anamwalira pa 19 Juni 2010, ali ndi zaka 47.

Mwambo wa maliro unacitikira m'chalichi lalikulu la mu mzinda wa Washington. Bokosi lake anacita kupanga lapadera, lalitali. Kenaka ndege inanyamula thupi lake kupita nalo ku Africa. Anamuika m'manda kwawo ku Turalei. Sukulu 41 zija sanazione. Ya ku Turalei anaipatsa dzina lake.

Patapita caka cimodzi, pa 9 Julayi 2011, dera la kumwera linakhala dziko palokha, lochedwa South Sudan.

Mwana wake, Bol Bol, nayenso anakula wamtali, ndipo anasankhidwa kulowa NBA mu 2019. Panalinso banja lina la Adinka limene linathawira ku Egypt pa nthawi ya nkhondo. Manute anakumana ndi anyamata a banjalo nawaphunzitsa basiketi. Wamng'ono mwa iwo, Luol Deng, anadzasewera mu NBA zaka zambiri, ndipo pambuyo pake anatsogolera basiketi ya dziko la South Sudan. Mu 2024 timu ya dzikolo inapita koyamba ku masewero a Olimpiki, amene anacitikira ku France. Osewera ake ambiri anali ana a anthu othawa nkhondo. Pa masewero awo oyamba anakumana ndi Puerto Rico, ndipo anapambana ndi mapontu 90 kwa 79.